Tulo ta Nagama Tili ndi Eni Atatu

Kalekale, koma osati kale lofunsa akuluakulu, kale la dzanadzanali, ku Lunzu kunali telala wina dzina lake Felesiya Nagama. Ine sindine wamiseche, anthu amandidziwa. Kungoti mpanda wathu ndi wa udzu, ndipo unagwa mbali ya kwa iwowo.

Nagama atatsala chaka chimodzi kuti akwanitse zaka makumi asanu anasiya kupita kumwezi, ndipo tulo nato tinachokera pomwepo. Moto unkayambira pachifuwa n'kukwera kumaso, thukuta kamukamu ngakhale mu Juni, ife tikunjenjemera m'majuzi. Miyezi isanu ndi iwiri mayi uja ankangoyang'ana kudenga mpaka tambala. Masana ankasinza pamashini. Tsiku lina anadula diresi la mkazi wa abusa manja onse awiri akumanzere. Makasitomala anayamba kuwolokera kwa telala wa tsidya lina la msewu. Inatsala oda imodzi yokha, madiresi khumi ndi awiri a operekeza mkwatibwi. Akaononga imeneyo, ndiye kutseka shopu.

Lachiwiri lina kunabwera mwana wake, Ndaziona, amene amagwira ntchito ku Limbe. Anapempha tchuthi kwa abwana ovuta, n'kumukweza mayi wake minibasi kupita kwa dokotala wina amene anakaphunzira ku China zochiza ndi timasingano. Nagama ataona timasingano tija, towonda ngati tsitsi, anati, "Zaka makumi atatu ndikubaya nsalu, lero nsalu ndine?" Anamubaya m'makutu, pamikono, pamwamba pa akakolo ndi paliwombo, n'kumusiya chagada theka la ola. Pochoka anamumata kambewu kukhutu ndi pulasitala. Dokotala anati azibwera Lachiwiri lililonse kakhumi, ndipo asamamwe mankhwala osadziwika.

Lachitatu kunatulukira mkulu wake, a Dolofina a ku Neno. Ndi miyendo yawo yotupa ija anali atakwera phiri tsiku lathunthu kukafuna gogo wina wodziwa mitsitsi ya azimayi. Anatulutsa botolo la madzi ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. "Supuni ziwiri pokagona. Koma mankhwala awa sakomana ndi chitsulo, mng'ono wanga. Jekeseni ayi, lezala ayi. Singano izibaya nsalu basi." Nagama anangokokera duku kukhutu n'kunena kuti zikomo achemwali.

Lachinayi mwamuna wake, a Mangulenje, kalipentala wa mkonono wonga chigayo cha dizilo, anabwera kuchokera kwa amalume awo nkhope ili ndwii. Amalumewo anali atawauza kuti mkazi akasiya kumwezi mwamuna azimupatukira pogona, apo ayi mkazi amatupa mimba. Bambo aja anapinda bulangete lawo. "Amake Ndaziona, sindikukukanani ayi. Ndikukusungani." Anakagona pabalaza, pasofa imene anakhoma okha. Koma anaikhoma yaifupi, moti miyendo inkalendewera.

Loweruka dzuwa linafika pamutu chitseko cha Nagama chili chitsekere. Ine ndinakagogoda ndi mtima wa maliro. Anatuluka masaya ali ndi mizere ya pilo, akufunsa kuti lero ndi lachingati.

Masabata atatu Nagama anagona ngati khanda. Madiresi asanu ndi limodzi anatha, manja onse m'malo mwake. Lachiwiri ankapita kokabayidwa, madzulo ankamwa supuni zake ziwiri, bedi ankaligona yekha chopingasa. Botolo analibisa kuseri kwa mashini, khutu analibisa m'duku.

Koma chobisa chimatopa. Lamlungu lina onse atatu anakumana pankhomaliro. Ndaziona akufuna sizasi kuseri kwa mashini anatola botolo. Nagama podzuka kuti alilande, duku linakodwa pamsomali wa chitseko, khutu n'kukhala pambalambanda. Ine ndinali ndikuanika zovala chapafupi. Zinali zouma kale, koma ndinaziyanikabe.

"Amama, ichi n'chiyani?" anafunsa Ndaziona. "Adokotala anati chiyani? Mukudziwa zimene zili m'menemu?"

"Muli tulo ta amako," anayankha a Dolofina. "Koma iwe Felesiya, chakumata kukhutucho n'chiyani, si cha madokotala a timasingano chimenecho? Ine ndithyole miyendo kuphiri, iwe uzikadzibayitsa ngati kapilo ka mapini?"

"Amayi aakulu, timasingano ndi timene tinayamba, Lachiwiri."

"Nanga Lachiwirilo anagona? Anagona atamwa."

A Mangulenje anatsokomola, dzanja lili kumsana. "Alamu, atamwa Lachitatu anagona? Ndimafunsa chabe. Munthu wagona ine nditasamuka. Inu munapereka botolo, mwanayu anapereka Lachiwiri lake. Ine ndinapereka msana."

"Munapereka mkonono, alamu," anatero a Dolofina. "Munauchotsa kuchipinda n'kukaupatsa mphaka wa pabalaza."

Apo ndiye zinavuta. Ndaziona anati sangamaperekeze munthu womwa zosadziwika: botolo litayidwe, apo ayi khadi la kuchipatala alitenga, ndipo za sofazo n'zachikale, ababa abwerere kuchipinda. A Dolofina anati botolo latsala la masiku atatu, njira ya kwa gogo uja amaidziwa okha, ndipo sakwereranso phiri munthu wa zitsulo m'thupi. A Mangulenje, atapsa mtima ndi za mphaka zija, anati iwo sangapindike ngati bongololo pachabe. "Ngati wachiritsa ndi ine, zinazo zichoke, ndikhalabe pasofa. Ngati si ine, lero lomwe ndikubwerera pabedi langa."

Tsono pali kena kamene enawo sankakadziwa, koma ine ndi Nagama tinkakadziwa. Kuseri kwa shedi ya a Mangulenje kumakhala mayi wina wamasiye wogulitsa zitumbuwa, Abiti Sumani. Chiyambire za msana, mayiyu anali atabweretsa kale mafuta otikitira kawiri, n'kufunsa ngati bambo ali ndi wowatikita. Mwamuna wogona pabalaza ali pafupi ndi chitseko cha panja.

Nagama anakhala pansi pakati pa atatuwo. Akasankha timasingano, botolo lapita ndipo chigayo chabwerera kukhutu. Akasankha botolo, timasingano tapita, mwana wakwiya, chigayo chabwereranso. Akasankha sofa, ziwiri zinazo zapita, ndipo mwamuna watsala pakhomo la zitumbuwa. Kuyesa chimodzichimodzi nthawi panalibe: madiresi asanu ndi limodzi anali akadali nsalu, ukwati utatsala masabata awiri. Ndipo iye mwini, ngakhale mukanamulumbiritsa, sankadziwa chimene chinamugoneka.

"Ndikanakonda ndikanagona kaye ndisanayankhe," anatero motsitsa mawu.

"Yankhani kaye, ndidziwe koika bulangete," anatero a Mangulenje, ataimirira pakati pa khomo la kuchipinda ndi sofa.

Pamenepo mvula inayamba kuwaza, ine n'kuthawitsa zovala zanga. Tsono ndakutulirani inuyo, makamaka anzanga amene mwayamba kudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Tulo ta Nagama mwini wake ndani: mwana wa timasingano, mkulu wa botolo, kapena mwamuna wa pasofa? Mukanakhala inu pansi paja, dzuwa likupendeka, mukanasunga chiti n'kutaya ziwiri?