A Chidzanja ndi Denga la Nkhokwe

Ana inu, kale ku Mpatsanjoka kunali a Chidzanja, mlimi wakhama koma wouma manja. Chaka china chimanga chawo chinachita bwino kwambiri, mwakuti anaitana mmisiri, a Mkwezalamba, kuti awamangire nkhokwe yaikulu. Za malipiro anapangana awiriwiri kuseri kwa khola, popanda wina womva.

Nkhokwe inalukidwa, chimanga chinalowa. Denga nalo analimangira pansi monga mwa nthawi zonse, n'kulifolera bwino. Tsiku lolikweza, a Chidzanja anatulutsa mbuzi imodzi.

"Inayo ili kuti?" anafunsa mmisiri. "Tinati ziwiri."

"Ziwiri? Ine ndinati imodzi, koma yonenepa!"

A Mkwezalamba anatola nkhwangwa yawo, n'kusiya mbuzi ndi denga pomwepo. Anansi nawo atapemphedwa kuti athandize kukweza dengalo, anakana. "Muthane kaye ndi mmisiri," anatero.

Masiku anayi anapita, kumwamba kunayamba kuda. A Chidzanja anayang'ana mitambo, anayang'ana chimanga chili pamtunda, mtima unawawawa. "Denga lake lomweli? Si udzu chabe uwu?" Anakwawira kunsi kwake, n'kulidzutsa ndi mutu. Anayenda phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, kenaka khu! Denga linawavindikira ngati nkhuku m'dengu.

"Mayo! Anthuni, ndivundukuleni!"

Anthu anathamangira, a Mkwezalamba omwe, ena misozi ili mbwee ndi kuseka. Anafikanso a Nasimango, mayi woumba mbiya amene aliyense ankamudziwa kuti sakondera. Iwo anagwada n'kusuzumira m'kati.

"Achimwene, mbuzi imodziyo mukuivomera?"

"Ndikuivomera, mayi!"

"Iperekeni lero. Yachiwiriyo ikagone m'khola mwanga, ndipo anthu atatu amve mbali zonse mawa. Inu a Mkwezalamba, chimanga sichinakulakwireni. Denga likwere tsopano."

Onse anavomera. Amuna asanu ndi atatu anagwira denga, a Chidzanja anatuluka udzu uli m'tsitsi, ndipo linakwera mvula isanagwe. M'mawa mwake atatu aja anaona kukula kwa nkhokweyo, nagamula kuti ntchito yotere ndi ya mbuzi ziwiri. A Chidzanja anadandaula pang'ono, koma pokumbukira mdima wa pansi pa denga, anaseka okha n'kupereka.

Anthu asanabalalike, a Nasimango anati, "Mawa zidzagwera wina. Tiikiretu lamulo." Aliyense anaponyapo nzeru yake. Anamanga mfundo yakuti pangano la ntchito yomanga lizikhala ndi mboni ziwiri, mmisiri azilandira gawo lake khoma likatha ndipo lotsala denga likakwera, komanso mkangano uziweruzidwa pasanathe masiku atatu ntchito ili m'kati. Mfundo ya mboniyo anaibweretsa ndi a Chidzanja eni ake, akusisita khosi.

Kuyambira pamenepo, munthu akafuna kuchita zazikulu payekha, anzake ankamukumbutsa kuti, "Mutu umodzi susenza denga." Tanthauzo lake n'lakuti pali katundu wina, kaya ntchito, kaya mlandu, amene munthu mmodzi sangamuthe ngakhale akhale wamphamvu chotani. Amafunika mapewa ambiri ndi nzeru za ambiri. Ndiye inu mukadzakula n'kumanga zanu, itanani anzanu pamene mukupangana, musadikire kuwaitana muli pansi pa udzu.