Chule M'mimba mwa Mpanje

Chule ndi Nyani ankakangana chifukwa cha ukwati wa mwana wa Nungu. Nungu anali atalengeza kuti amene adzamveke mpaka kutsidya kwa dambo ndiye adzatsogolere gule. Nyani, yemwe anali wofatsa, ankadalira mpanje wake, ng'oma yaitali yapululu kunsi. Chule wodzitama uja ankadalira kukhosi kwake basi.

"Achimwene, mawu anu ndi okoma," anatero Nyani, "koma sangadutse ngakhale chulu icho."

"Tidzaonera pabwalo," anayankha Chule.

Tsiku la ukwati, dzuwa lili paliwombo, Nyani anatsamiritsa mpanje pamtengo n'kupita kukamwa thobwa. Chule anakwawa mwakachetechete, nalowa m'ng'omamo chakunsi. Anakwera mpaka pansi pa chikopa n'kukakamira pomwepo, akuganiza zodzadziulula gule akafika pachimake.

Nyani atangomenya kamodzi, Chule anakuwa m'katimo, ndipo ng'oma inabangula ngati ili ndi pakamwa. Bwalo lonse linapenga. Njiri anavina mchira uli njo, Kamba anagwa chagada n'kumangozungulira pachigoba chake, mkwatibwi anatekesa m'chiuno mpaka minga itatu inathothoka. Ngakhale Mvuu anatulukira kuchokera kutsidya, matope ali chuchuchu, akufunsa kuti gule wayamba liti.

M'katimo zinthu sizinali bwino kwa Chule. Nyani akamenya, chikopa chinkam'gogoda pamutu, maso n'kumatuzuka. Koma akamva nthungululu ankaiwala ululu n'kukuwa koposa.

Patapita nthawi chikopa chinalefuka. "Yazizira iyi, ndiiwambe pang'ono," anatero Nyani, nayandikitsa mpanje pamoto wa udzu. Chule anapirira. Nyani anaonjezera udzu, akuimba kamluzu.

Mwadzidzidzi Chule anafwamphuka ngati mwala wa legeni, nadutsa pakati pa miyendo ya Njiri, n'kukagwera mumtsuko wa thobwa. Thobwa linathovukira apongozi a mkwati. Nyama zinaseka mpaka Kamba anapempha kuti wina amutembenuze asanakomoke.

Chule anavuuka, chimera chili pamphuno. "Amene mumavinira uja ndine," anatero. "Ng'omayi payokha ndi chipika chabe."

"Chabwino," anayankha Nungu, akupukuta misozi ya phwete. "Imbaninso tsopano, tonse tili chete."

Chule anafufumitsa khosi n'kutsegula pakamwa. Kanatuluka kamawu kosasa, koti ngakhale Nkhanga, amene anali pafupi ndi mtsukowo, anafunsa ngati wayamba kale.

"Lowaninso, achimwene," anatero Nyani mwaulemu. "Sindinamalize kuwamba."

Chule sanadikire. Anadumpha ulendo wa kudambo kukaziziritsa msana, Nyani n'kutsogolera gule mpaka fumbi linakwirira mbale za mkwatibwi. Matuza a moto uja sanapole bwino, n'chifukwa chake mpaka lero msana wa Chule uli ndi timabuwu, maso ali tuzu.

Phunziro: Ukabisala m'chinthu cha mnzako kuti utchuke, udzalandira nkhonya zake ndi moto wake womwe.