Nkhono Pakati pa Mkamwini ndi Apongozi

Kalekale, mwanawe, kunali mkamwini dzina lake Chidzanja. Apongozi ake aakazi, a Nankhoma, anamupatsa dimba. Mawu anadzera kwa mkazi wake: "Mpiru ukakanika, abwerere kwawo."

Mkazi uja ananyamuka kukadwazika matenda kutali.

Ndiye kunabwera nkhono, zopanda chigoba zija, zoterera. Tsamba ili chibowo, tsamba ilo chibowo.

Chidzanja anatchera mapale a masese m'dimbamo kuti nkhono zigweremo. A Nankhoma atawapeza anadabwa. "Akamwini akumwera mowa kudimba?" Anataya masesewo, nawaza phulusa kuzungulira mpiru.

Kutacha Chidzanja anaona phulusa. "Akunditchera mankhwala ndani?" Anasesa lonse.

Uyu masese, uyo kutaya. Uyo phulusa, uyu kusesa. Nkhono kudya.

Kufunsana sakanatha. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana, sankalankhulana.

Tsiku lina anakumana kudimba komweko. A Nankhoma anabisala kuseri kwa nthochi. Chidzanja anagwada, nkhope kumtsinje. Wonyamula mawu panalibe, koma Nkhono ali patsamba.

"Iwe Nkhono," anatero Chidzanja, "uwauze amayi kuti masese aja ndi msampha."

Nkhono anameza. "Akuti masese muzitayabe."

A Nankhoma anagwira khutu. Anali atamva okha zina, mthenga akunena zina. Nanga atsate ziti?

"Iwe Nkhono," anatero a Nankhoma, "uwauze kuti phulusa lija n'lotchinga inu nomwe nkhononu."

"Akuti phulusa muzisesabe."

Chidzanja anakanda mutu. Khutu likuti uku, mwambo ukuti uko. Atsutse mthenga wa apongozi? Nkhono anasamukira tsamba lina.

A Nankhoma anasuzumira. Mpiru unatsala mzere umodzi wokha.

"Akamwini!" anaitana okha. "Mwandimva ine?"

"Ndakumvani, amayi."

"Tolani mthengayo, mukapatse abakha."

Kuyambira pamenepo, masese pakati, phulusa m'mbali. Mzere uja unapulumuka, ndipo Chidzanja sanamange katundu.

Mwanawe, usawaseke. Ulemu wawo unali wabwino, unkasunga mtendere pakhomo. Komatu mawu akamadzera pakamwa pa wina, uziyamba waona chimene pakamwapo pakutafuna.

Yanga nthano yathera pomwepo.