Mfuti m'Chikopa Chachiwisi

Panali munthu wina amene nkhokwe yake inapsa. Mng'ono wake anayatsa tchire posaka mbewa, mphepo inatembenuka, ndipo chimanga cha chaka chonse chinasanduka phulusa anthu akuona. Munthuyo anadikira kuti mng'ono wake abwere kudzapepesa. Sanabwere. Chimene chinabwera ndi mawu amene anakanena kumowa: "Moto ulibe mwini. Achimwene akalime china."

Mawuwo anamulowa ngati chisonga. Chakudya chinaleka kutsika. Ana ake akalirira phala, iye ankamva mawu omwewo.

Munthuyu anali ndi mfuti yaing'ono ya m'manja, imene anabwera nayo kale akuyendetsa malole kunja kwa dziko. Anaifukula pomwe anaikwirira. Ataiika m'thumba la buluku, inkaonekera. Anafuna kachikwama kachikopa komangira m'chiuno, kobisika m'malaya, koma chibadwire anali asanasokepo kanthu. Anapita pamsika kwa mmisiri wokalamba amene ankasoka nsapato ndi kukunga ng'oma.

"Ndigulitseni chikopa, amisiri. Ndikasoka ndekha."

"Mukasoka chiyani, bambo?"

"Zimenezo n'zanga."

"Nanga ndidula bwanji osadziwa kukula kwake?"

Munthuyo anawerama, najambula padothi ndi chala. Mmisiri anayang'ana chojambulacho. Kenako anafafaniza padothipo ndi phazi kuti odutsa asaone. Za nkhokwe anali atazimva, monga aliyense.

Pakhoma panali zikopa zofufuta bwino, zofewa ngati nsalu. Mmisiri sanazikhudze. Anazungulira kuseri, navuula m'madzi chikopa chachiwisi cha ng'ombe, chimene anasungira ng'oma.

"Ichi woyamba kumene sichimuvuta. Kutirani chinthu chanucho chonse, patsale pogwirira pokha. Musoke mothina. Mukatero muyanike padzuwa masiku awiri, chili momwemo."

Anamubwereka msomali wonola woboolera. Anamudulira kachidutswa kovala pachala chachikulu kuti singano isamulase.

Munthuyo anakadzitsekera m'nyumba. Chikopa chinkaterera, mabowo ankatuluka okhota, ulusi unaduka kanayi. Pa bowo lililonse ankatchula dzina la mng'ono wake ndi kukukuta mano. Msokowo unali woipa, koma unagwira. Anakayanika kuseri kwa khola komwe sikufika ana. Tsiku lachitatu m'mamawa anapisa lamba, namanga m'chiuno, n'kunyamuka osasamba n'kumaso komwe.

Anapeza mng'ono wake pabwalo akumata chubu cha njinga.

"Mwadzuka bwanji, achimwene," anatero mng'onoyo, mutu osadzutsa n'komwe.

Mkuluyo magazi anamuwira. Analowetsa dzanja m'malaya, nagwira mfuti, nakoka. Sinatuluke. Chikopa chija pouma chinali chitakhwinyata n'kulimba ngati mtengo, ndipo chinaluma chitsulo mbali zonse. Ngakhale pokhethemulira panalibe polowa chala. Anakoka ndi manja awiri mpaka lamba anamucheka m'chiuno.

Mkazi wa mng'ono wake anatuluka m'khitchini, mwana ali kumsana. Anaona munthu atapindika, atagwira m'nthiti, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, ndi m'mimba kodi? Takhalani pansi."

Anamuikira mpando pamthunzi. Anatsuka kapu, natunga madzi, n'kumupatsa atagwada. Kamwana kakumsanako kanasuzumira paphewa la mayi ake n'kumamuyang'ana. Munthuyo anamwa, poti panalibenso china choti achite. Anabweza kapu, nachoka osatsanzika.

Mkwiyo wonse anakautula pamsika. Anakokera mmisiri kuseri, namuonetsa chomwe chinali m'malaya.

"Mwandipusitsa, nkhalamba inu. Munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Mfiti yopanda manyazi. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Tukwanani, bambo, mwano sunaikepo munthu m'manda. Mukafuna ituluke, kaviikeni m'madzi masiku atatu. Ine mpeni wanga sudula pamenepo."

Munthuyo analavula pansi, namuponyera msomali uja kumapazi, n'kumapita. Kunyumba anatenga beseni, nalidzaza madzi. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mfuti ili m'manja. Kenako anakhuthulira madziwo pa mtengo wa papaya, nabwezera mfuti m'dzenje lake, ili m'chikopa momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo sanapatsenso mmisiri moni. Akafika pamsika ankadutsa tsidya lina la msewu, ndipo ankauza anthu kuti nkhalamba ija imagulitsa zikopa zowola. Ena anamukhulupirira n'kuyamba kukasoketsa nsapato kwina. Mmisiri sanadziyankhire, chifukwa kudziyankhira kukanaulula za mfuti. Mng'ono uja anakalamba, naona zidzukulu, osadziwa kuti imfa inamwapo madzi pabwalo pake.

Inu amene mukumva, mkwiyo ukakugwirani mumafuna mnzanu wokufulumizitsani, ndipo wokuchedwetsani mumamutcha mdani. Kumbukirani amene anakubisirani ndodo, amene anaima pakhomo tsiku lija mpaka munamukankha. Mwina mpaka lero simumulankhula. Iye anataya moni wanu kuti inu musataye m'bale. Akadali moyo, pitani mukamulonjere.