Ukatswiri wa a Chadza pa Zosudzulana

Kuseri kwa msika wa pa Boma la Mzimba, pakati pa shopu ya telala ndi ya owotcherera zitseko, panali kachipinda kolembedwa pakhomo ndi penti yofiira kuti "Mlangizi wa Osudzulana". Mwini wake anali Wilkins Chadza wa ku Ntchisi, amene anatsika basi ya ku Joni ali ndi masuti awiri ndi nzeru imodzi. Kumeneko anaona anthu akudya bwino pongoperekeza anzawo amene ukwati wawathera, kuwauza poponda ndi polumpha. Ntchitoyo ilipodi, ndipo ine amene nsapato zanga zadya fumbi la Joni, Lusaka ndi Dar es Salaam ndinaiona ndi maso angawa. Chimene Wilkins sanaone n'chakuti eni ntchitoyo amayamba akhala pansi n'kuphunzira.

Tsiku lina kunabwera mayi Immaculate Moyo, amene anachita maphunziro a uphungu wa mabanja ku bungwe lina la mpingo n'kulandira satifiketi.

"A Chadza, maphunziro ayambanso mwezi wamawa," anatero mayiwo. "Amaphunzitsa malamulo okhudza ana, miyambo ya kuno, ndiponso nthawi imene mlangizi ayenera kutseka pakamwa n'kutumiza munthu kukhoti. Bwerani mudzalembetse."

Wilkins anaseka mpaka mpando unalira.

"Mayi, inu munangowerenga za kusudzulana. Ine ndasudzulana! Katatu! Munthu wolumidwa ndi njoka katatu angafunenso pepala lonena kuti amadziwa njoka?"

"Wolumidwa katatu timangomugulira jombo," anayankha mayi Moyo, n'kunyamuka.

Mvula itayamba, kachipindako kanalandira Felesta, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene boma linamutumiza kusukulu ina kufupi ndi Embangweni. Kumeneko anakwatiwa ndi Zondwayo Thole, nabereka ana awiri. Achibale a Zondwayo anapereka ng'ombe za lobola, ndipo amalume a Felesta anazilandira akumwetulira, poganiza kuti akumpoto ndi anthu opatsa chabe. Tsopano Zondwayo anali atabwera ndi mkazi wachiwiri popanda kupempha kapena kuchenjeza.

"Mitala sindingathe, bambo Chadza," anatero Felesta. "Mwamunayo amutenge mkazi winayo. Ine ndikufuna ana anga basi."

"Madamu, mwafika pa mwini filimu. Ukwati ukatha, mwamuna amanyamula chikwama chake n'kuona msewu. Ana ndi a mayi, nyumba ndi ya ana. Ine anandichita zimenezi katatu, ndiye ndikunena zimene msana wanga ukudziwa."

"Koma nyumbayo ili pamalo a apongozi anga. Ndipo iwo ali mbali yanga. Anati ndidekhe, akambirana ndi abale awo kuti ndizikhala ndi ana kunyumba za aphunzitsi."

"Kudekha? Mkazi wodekha amakalambira pakhonde la mnzake! Ino ndi nthawi ya ufulu. Katulutseni katundu wake yense panja, masana, anthu akuona. Mwamuna amamva ndi maso."

Funso linali limodzi lokha limene Wilkins akanafunsa ngakhale telala wa khomo loyandikana nalo: kodi kuno ng'ombe zikaperekedwa, ana amawerengedwa a kwa yani? Koma katswiri safunsa telala.

Felesta anachita monga anauzidwa, ndipo anachita mwa uphunzitsi, osasiya kanthu. Masuti, wailesi, bulangete la ku Joni, zonse zinatuluka. Pomaliza anayang'ana kudenga n'kuona chishango chachikopa chimene Zondwayo ankavinira gule wa ingoma. Nachonso chinauluka, n'kukagwa chafufumimba m'matope a pakhomo pa khola. Felesta sankadziwa kuti chishangocho sichinali cha Zondwayo. Chinali cha agogo ake, ndipo bambo ake anangomusungitsa monga mwana woyamba.

A Fanuel Thole, apongozi a Felesta, anali munthu wanthabwala amene anakalambira pa macheka a matabwa ku Chikangawa. Mlungu wonse anali akuyenda khomo ndi khomo kunyengerera abale awo kuti mwana wawo ndiye wolakwa, mtengwa wawoyo asalandidwe ana. Atafika n'kuona chishango cha bambo awo ng'ombe itachiponda, anachitola, n'kuchipukuta ndi malaya awo.

Pa tsiku lokamba mlandu, Wilkins anabwera pa kabaza atavala suti yachiwiri. Abale onse anali atakhala pansi pa mtengo wa mango. Iye anakana mpando, nati amalankhula bwino ataimirira, n'kuyamba kufotokoza mmene amachitira ku Joni.

"Yewo chomene, adada," anamudula a Thole mofatsa. "Tatiuzani, ndinu amalume a mayiwa?"

"Ayi."

"Ankhoswa?"

"Ine ndine mlangizi wawo pa zosudzulana."

"Ooh! Ntchito yabwino. Munaiphunzira kuti?"

"M'moyo, bambo. Maukwati atatu ndawathetsa ndekha."

"Anu omwe?"

"Anga omwe."

"Nanga ana anu ali kuti?"

Wilkins anakonza tayi. "Ali kwa amayi awo."

"Onse?"

"Onse."

A Thole anatembenukira abale awo. "Mwamva? Munthu wotaya ana katatu ndiye amaphunzitsa mayiwa kasungidwe ka ana. Mbwenu taona."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kosafika m'maso. Kenako a Thole analankhula ndi Felesta, mawu ali pansi.

"Amama, ine ndinakumenyerani nkhondo. Ndinauza abale angawa kuti ndinu munthu waulemu, ana akakhala nanu sadzaiwala kwawo. Lero ndiwauza chiyani? Amene waponya agogo a ana m'ndowe, adzawaphunzitsa anawo kuti ndi a kwa yani? Inu pitani bwino. Ana ndi a kwa Thole, atsala pano."

Felesta anagwada, analira, anafotokoza kuti sankadziwa. Palibe anamutsutsa. Anangomuthandiza kumanga katundu. Kamtsikana kake kakang'ono kanagwira chitenje cha mayi ake mpaka azakhali anachita kukamasula zala chimodzichimodzi.

Panjira Wilkins anayesa kumulimbitsa mtima.

"Musadandaule, madamu. Limeneli ndi gawo loyamba chabe. Ku Joni zikafika apa..."

"Bambo Chadza," anatero Felesta osamuyang'ana, "mukatchulanso Joni, ndikuponyani pamene ndinaponya chishango."

M'mawa mwake Felesta anakagogoda kwa mayi Moyo. Iwo sanamulonjeze kanthu. Anamufunsa mafunso ambirimbiri, za lobola, za malo, za msinkhu wa ana, n'kumuuza kuti khoti likhoza kumumvera, popeza limayang'ana ubwino wa anawo, koma njira yake ndi yaitali, ndipo mbali inayo tsopano ili ndi mudzi wonse wa mboni zoona mayi akuponya katundu m'matope masana. Anatinso asanapite kulikonse, atumize ankhoswa akapepese kwa a Thole. Zimene apongozi ankafuna kumupatsa ndi manja awiri, Felesta anayamba kuzipempha ndi mawondo, ndipo chimanga chinacha, n'kukololedwa, iye akuonabe ana ake Loweruka lokha, pakhonde la eni ake.

Nkhani ya pansi pa mtengo wa mango ija inafika pa Boma Wilkins asanafike. Oyendetsa kabaza ankati akamuona, amakweza dzanja ngati agwira chishango n'kuponda pansi mwa ingoma. Kachipinda kaja kanayamba kulandira ntchentche zokha. Wilkins mpaka lero amati vuto ndi anthu a ku Mzimba, sanakhwime kufika pomvetsa uphungu wamakono.

Pepala la maphunziro silipatsa munthu nzeru, koma limachitira umboni kuti mwini wake anakhalapo pansi n'kuvomera kuti pali zimene sadziwa. Wilkins anaona njuchi za eni zikulowa m'mng'oma, napisa dzanja osafunsa kuti uchi uli mbali iti, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti zimene anatapazo anayamba kulawitsa mayi wa ana awiri. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.