Kafano ka Atena Pawindo la Nachisale

Kalekale, masitolo a Agiriki adakali ku Limbe, kunali mayi wina dzina lake Nachisale. Anasoka zovala kwa dona wina wachigiriki mpaka imvi zinamera. Pobwerera kwawo, donayo anamupatsa kafano kadongo loyera: mkazi wovala chisoti chankhondo, kadzidzi ali paphewa.

"Uyu ndi Atena," anatero donayo. "Makolo athu ankati ndi mulungu wamkazi wa nzeru ndi luso la manja. Aroma ankamutcha Mineva. Ukamuona uzindikumbukira."

Nachisale anabwerera kumudzi, nakaika kafanoko pawindo, pafupi ndi makina ake osokera. Sankakapembedza ayi, ankangokapukuta fumbi.

Chaka chomwecho chikuku chinalowa m'mudzimo, ana n'kuyamba kumwalira.

Mlamu wake, Nangozo, anali atangoika mwana wake wamkazi. Atabwera kudzasoketsa diresi lakuda, maso ake anagwera pa kadzidzi uja. Anatuluka, nathamangira kuchitsime.

"Mwana wanga anachita kudyedwa!" anafuula. "Alamu akuweta kadzidzi m'nyumba, ndaona ndi maso angawa!"

Sananame. Ananena zimene anaona, ndipo mumtima mwake anazikhulupirira.

Anthu anatenga kafanoko, napita nako kwa a Matewere, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo. Iwo anakazindikira nthawi yomweyo, pakuti anali atawerenga za Atena.

"Aphunzitsi, tiuzeni," anatero mwamuna wina atagwira chikwanje. "Afiti sagwiritsa ntchito chimenechi?"

A Matewere anayang'ana chikwanjecho.

"Ndinawerenga kuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu ena odzitcha afiti amene amamuyatsira makandulo," anayankha.

Nawonso sananame. Koma sananene kuti ambiri amangomuika pashelefu ngati chokongoletsa, kapena kuti chikuku sichibwera ndi dongo. Analowa m'kalasi, natseka chitseko.

Yotamu, mwana yekhayo wa Nachisale, anachokera kudimba n'kupeza khamu litazinga nyumba, mayi ake atakhazikidwa pansi padzuwa. Anaona miyala m'manja mwa anthu. Analanda kafanoko, nakamenyetsa pamwala, kanangoti phwa!

"Onani, chatha!" anakuwa. Kenako anagwada. "Amayi, pepesani basi. Nenani kuti mwasiya, akusiyani amoyo."

"Ndipepese chiyani, mwana wanga?" anafunsa Nachisale. "Ndasiya chiyani?"

Koma khamu linali litamva kale. "Mwamva? Mwana wake yemwe wavomera!"

Anayatsa nyumba, makina osokera n'kupsera momwemo. Anamupirikitsa Nachisale ndi miyala mpaka kutsidya la mtsinje, ena atamupanikiza Yotamu pansi. Pamene Yotamu ankawapeza mayi ake pansi pa mtengo wa mkuyu, anali atazizira kale. Anakumba manda yekha, popanda nyimbo, popanda wolira naye.

Chikuku sichinaleke. Chinatenga ana ena, mpaka chinatha chokha mvula itagwa. Nangozo anamwalira ali nkhalamba, akunenabe kuti anapulumutsa mudzi. A Matewere anapempha kusamutsidwa, nakaphunzitsa kwina. Yotamu sanakwatire, ndipo sanalankhulenso ndi munthu wa m'mudzimo.

Tsono inu mwamvanu, weruzani. Nangozo analankhula chifukwa cha chisoni, a Matewere anadula mawu chifukwa cha mantha, Yotamu anaphwanya kafano chifukwa cha chikondi. Mwa atatuwa, magazi a Nachisale ali pamutu pa yani?