Mbaula ya Ezara

Kuseri kwa msika wa pa Dedza boma, mayi Veronika adali ndi zipinda zinayi zimene adamangira nkhuku. Nkhukuzo zitatha ndi chitopa, mayiwo adaona kuti ana a sukulu ndi olimbirapo. Adapaka laimu, adaikamo mabedi awiriawiri, nayamba kusungamo ophunzira a pa koleji ina ya zaumoyo amene adasowa malo ku hositelo. M'chipinda chachitatu mudali Macdonald wa ku Mphunzi, amene chisanu adayamwira kubere, ndi Ezara wa ku Nchalo, amene asanafike ku Dedza ankayesa kuti juzi ndi chovala chojambulitsira zithunzi.

Tsiku lolandira ophunzira atsopano, mkulu wina wa pa kolejipo adalankhula maola awiri za chitetezo cha okhala kunja kwa mpanda. Nkhani yake idali imodzi: akuba. Osayenda wekha, osaonetsa foni pamsewu, osadalira loko wa eni nyumba. Ezara adamvera zonse ngati uthenga wabwino. Adagula maloko awiri, nakhomera mpiringidzo wachitsulo kuseri kwa chitseko.

"Aise, ukulondera chiyani?" adafunsa Macdonald. "Laputopu yakoyi wakuba atha kuibweza, n'kukupepesa."

"Seka lero," adayankha Ezara. "Muno simudzalowa munthu ine ndisanafune."

Mayi Veronika nawo adali ndi lamulo lawo, limodzi lokha. Za atsikana obwera kudzacheza sankazilabadira, za wailesi ayi. "Ana anga, mbaula imakhala pakhonde. Mukafuna kuotha, otherani pomwepo. Galu amayamba wauwa asanalume, koma makala sauwa. Amakugoneka bwinobwino ngati mwana."

"Tamva, amayi," adatero onse awiri, monga amanenera anthu amene sadamve.

Juni adafika ndi nkhungu yake yotsika m'phiri ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Ezara ankapita m'kalasi atavala mathalauza awiri, thawulo atakulunga m'khosi, masokosi m'manja. "Kuno si dziko ayi," ankadandaula mano akugundana. "Iyi ndi firiji ya Mulungu, ndipo mwini wake anaiwala kuzimitsa." Sabata yachiwiri adalowetsa mbaula m'chipinda. Sabata yachitatu adayang'ana pamwamba pa zenera, naona mabowo asanu ndi limodzi amene mmisiri adasiya m'njerwa kuti nkhuku zizipuma. Adakwera pabedi, nawatseka onse ndi mapepala a manotsi.

Macdonald adasolola pepala limodzi n'kulitambasula. Padali chithunzi cha mapapo, mivi ikuloza uku ndi uku.

"Iwe, manotsi a kapumidwe ndi amene watsekera mpweya?"

"Phunziro limenelo ndinakhoza kale. Lisiye ligwireko ntchito ina."

Macdonald sadali mbuli pa za moto. Kwawo ku Mphunzi anthu amagona moto uli m'nyumba, koma denga la udzu limapuma. Chipinda ichi chidali ndi malata, ndipo kunsi kwa malatawo mayi Veronika adayalako pepala lakuda lapulasitiki lotchinga mame. Adamuuza mnzake zimenezi, nachotsa mapepala onse. Mawa lake adawapeza abwereramo. Adachotsanso. Kachitatu adaimirira pabedi, dzanja lili m'mwamba, kutentha kukumusisita m'miyendo, ndipo adatsika osakhudza kanthu. Tinene zoona: m'chipindamo munkakoma. Anzawo a m'zipinda zina ankabwera kudzawerengera momwemo, n'kumati kwa Ezara ndi ku Nchalo kwenikweni, kwangosowa mizimbe.

Mutu udayamba kuwawawa onse awiri. Iwo adati ndi maina a mankhwala amene ankaloweza, oti ngakhale amene adawapanga sangawatchule kawiri. Ankamwa panado, n'kuwonjezera makala.

Tsiku lina mayi Veronika adaona phulusa pakhomo. Adalowa osaodira, nanyamula mbaula ija ndi chitenje, moto uli ngwee. "Ine ndinakwirira nkhuku mazana awiri pamalo pano. Sindikufuna kuyamba anthu." Ezara adagwada, napepesa ndi mawu aulemu oti wansembe akadamva akadamulemba ntchito. Madzulo ake adaboola chitini chakale cha penti ndi msomali kuti chikhale mbaula, nachilowetsa m'chipinda chili m'ndowa atavundikira zovala, akudutsa pamaso pa mayiwo.

"Mwachapa, achimwene?"

"Eya, amayi. Ukhondo."

Lamulungu lina la mu Julayi, mawa lake kuli mayeso, kunja kudacha ngati sikudache. Nkhungu idameza ngakhale chimbudzi. Macdonald adavala malaya ake oyera kupita ku misa yachiwiri. Chikhristu chake chidali chitakula mwadzidzidzi chiyambire pamene mtsikana wina wa m'kalasi mwawo, Tikondwe, adalowa kwaya.

"Tiye kutchalitchi, wachikunja iwe."

Ezara adali khale pabedi, bulangete mpaka m'makutu, buku pamiyendo, chitini chikunyeka pafupi ndi mapazi. "Ukandiperekere moni. Ukawauze kuti ndibwera akakonza nyengo."

"Tulukako pang'ono, upume. Maso akowo afiira."

"Ndidzuka moto ukazilala. Pakadali pofunda pano."

"Tsegulako zenera basi."

"Pita, aise, mngelo wako ayamba kuimba iwe kulibe."

Macdonald adatuluka akuseka. Kumbuyo kwake adamva mpiringidzo uja ukugwa m'malo mwake, khwaa.

Misa idatha cha m'ma leveni. Akadabwerera nthawi yomweyo, mwina nkhani ino bwenzi ili yoseketsa mpaka kumapeto. Koma Tikondwe adavomera kuperekezedwa, ndipo njira ya kwawo idadutsa pachiwaya, pamene kachewere wa ku Dedza amasanduka tchipisi. Adadya, adaseka, adatsutsana za mayeso. Macdonald adamangitsa tchipisi tina m'kajumbo, ta mnzake, atathira tsabola wambiri monga ankakondera.

Adafika pakhomo wani koloko itadutsa. Adagogoda.

"Tsegulani, bwana a ku Nchalo, kwabwera chakudya."

Zii. Adaimba foni, ndipo adaimva ikulira mkatimo mpaka kuleka yokha. Adagogodanso, tsopano ndi chibakera. Adazungulira kuzenera, koma katani idali yotseka, ndipo zitsulo zotchinga akuba zidali m'malo mwake. Apa m'pamene kajumbo kaja kadagwa pansi.

Mayi Veronika adabwera ndi nkhwangwa, mpango uli m'khosi. Anyamata awiri a kabaza adasiya njinga zawo pamsewu. Chitseko chija chidasunga lonjezo la mwini wake: sichidalole munthu. Adachimenya mosinthana, mayiwo akufuula dzina la Ezara ngati akuitana mwana wawo wobala yekha, mpaka thabwa lidang'ambika pambali pa mpiringidzo.

Adamupeza monga Macdonald adamusiyira. Bulangete m'mapewa, buku pamiyendo, mutu utatsamira khoma ngati munthu amene akuganizira funso lovuta. M'chitinimo mudatsala phulusa lokha. Laputopu idali patebulo, yosakhudzidwa ndi munthu. Chipatala sichili kutali ndi msika, koma dokotala amene adawalandira, yemwe adawaphunzitsapo kumvetsera mtima wa wodwala, adamvetsera nthawi yaitali, kenaka adachotsa chomvetsera chija m'makutu osayang'ana munthu.

Maliro adapita ku Nchalo. Macdonald adaima kumanda thukuta likuyenderera m'malaya oyera omwe aja, dzuwa likuotcha ngati lakwiya, ndipo mumtima adati: aise, dziko lako ndi limeneli, ukadangopirira miyezi iwiri. Mwambo utatha, mayi ake a Ezara adamuitana, namugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Ndinu amene munkagona naye? Pafoni ankangodandaula za kuzizira. Ndiuzeni, mwananga, tsiku limenelo anamva chisanu?"

"Ayi, amayi," adayankha Macdonald. "Sanamve chisanu."

Mayiwo adagwedeza mutu ngati alandira kanthu.

Atabwerera ku Dedza adapeza mkulu uja waitanitsa msonkhano wina wa maola awiri, ulendo uno wa makala. Macdonald sadapiteko, ndipo mayeso aja sadalembe. Adalowa m'chipinda chopanda chitseko chija, nakwera pabedi la mnzake, nasolola mapepala m'mabowo onse asanu ndi limodzi. Ntchito yake sidatenge ngakhale mphindi imodzi. Mphepo ya m'phiri idalowa, yozizira ngati mpeni, ndipo iye adakhala pansi n'kuilola imubaye.

Mayi Veronika adaima pakhomo, akuyang'ana chitini cha penti chija. Sadakalipe. Adangochinyamula, nakachiika pakhonde pamene chidayenera kukhala.

Ezara adatchinga akuba ndi maloko awiri ndi chitsulo, koma chomupha adachilowetsa yekha m'ndowa, chitafunda zovala. Ndipo pa anyamata awiriwo, wina adakana kudzuka, wina adatsitsa dzanja, chifukwa chake chimodzimodzi. Akuluakulu adanena kale: pakadafunda padajiwitsa galu.